Safunsa Anadya Phula: Wosewera Basketball Akafuna Kukhala Kochi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi: ulendo wa wosewera basketball kuchokera ku koleji, kulowa m'matimu olipira, mpaka kudzakhala kochi. Tasankhapo asanu ndi imodzi. Mayankho akonzedwa ndi makochi komanso oyimbira masewerowa amene timagwira nawo ntchito pa tsamba lino.

Akuluakulu, kuno ku Chikanda tatsutsana mpaka pakati pa usiku. Mnzanga akuti Steve Kerr, amene anatenga timu ya Golden State Warriors mu 2014, sanali wosewera wa nzeru, anangokwera pamsana pa Michael Jordan, ndipo pa ukochi wadyera Stephen Curry. Ine ndikuti munthu sangapate zikho zonsezo mwamwayi. Tiweruzeni.
*Wophunzira wa chaka chachiwiri, Chanco*

Achimwene, mnzanuyo wagwira mbali imodzi ya zoona. Kerr anasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, zaka 15, masewero 910, koma amene anayamba nawo pakati pa osewera asanu oyambirira ndi 30 okha. Pa avareji ankachinya mapointi 6 pa masewero. Nthawi yake yambiri inathera pa benchi. Pamene mnzanu wasokera ndi poganiza kuti pa benchipo ankangokhala.

Tiyambire ku koleji. Kerr anabadwira ku Beirut m'dziko la Lebanon mu 1965. Pomaliza sekondale ku California, makoleji akuluakulu sanamulabadire: msinkhu mamita 1.91, liwiro lochepa, kudumpha kwa wamba. Amene anamupatsa malo ndi Lute Olson, yemwe anali atangoyamba kumene ntchito ku University of Arizona mu 1983. Mu Januwale 1984, mnyamatayu ali m'chaka choyamba, bambo ake Malcolm Kerr, amene anali mkulu wa American University of Beirut, anawomberedwa n'kumwalira. Mu 1986, akusewerera dziko la America pa mpikisano wa dziko lonse ku Spain, anavulala bondo moti chaka chonse chotsatira sanaponde m'bwalo. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji a ku America, ankapatsa wosewera zaka zisanu zoti aseweremo zinayi, choncho chaka chovulalacho sichinamuwonongere mwayi. Atabwerera mu 1987–88, pa mipira 100 iliyonse imene ankaponyera kunja kwa mzere wa mapointi atatu, 57 inkalowa, ndipo Arizona inafika mu Final Four, ndime ya matimu anayi otsiriza, koyamba m'mbiri yake.

Ngakhale zinali choncho, pa draft ya 1988, mwambo umene matimu a NBA amasankhira osewera atsopano mosinthana, Phoenix Suns inamutenga pa nambala 50. Osankhidwa chakumunsi chonchi ambiri sakhalitsa mu ligi. Iye anakhalitsa chifukwa anadziwa chinthu chimodzi chimene timu iliyonse ingamulipirire, n'kuchinola mpaka mapeto: kuima pamalo oyenera, kulandira mpira, kuponya osazengereza, ndi kusataya mpira mwachisawawa. Anadutsa ku Cleveland ndi ku Orlando, n'kufika ku Chicago Bulls mu 1993. Kumeneko anapata zikho za 1996, 1997 ndi 1998, ndipo mu 1997 ndiye analandira mpira kwa Jordan n'kuchinya basiketi imene inagwetsa Utah Jazz pa masewero achisanu ndi chimodzi a fainolo. Ku San Antonio Spurs anawonjezera za 1999 ndi 2003. Anapuma ali ndi 45.4 peresenti pa mipira ya mapointi atatu, ndipo imeneyi ndi nambala yapamwamba pa onse amene anamaliza ntchito yawo mu NBA.

Tsono onani anthu amene anakhala nawo pa benchi: Olson ku koleji, Lenny Wilkens ku Cleveland, Phil Jackson ndi Tex Winter ku Chicago, Gregg Popovich ku San Antonio. Katswiri amene amasewera mphindi 40 amaona masewero kuchokera m'kati, maso ali pa munthu amene akumumaka. Wa pa benchi amaona anthu khumi onse, amamva makochi akukambirana zosintha, ndipo amadziwa mmene mtima umawawira ukakhala masabata awiri osalowa. Atasiya kusewera mu 2003 anakhala wofotokozera masewero pa TV, kenaka anayendetsa ofesi ya Phoenix Suns kuyambira 2007 mpaka 2010, ndipo m'zaka za pa TV ankalemba ndi kusunga maseweredwe amene ankamusangalatsa, kukonzekera tsiku limene adzapatsidwe timu.

Za Curry, umboni ndi uwu. Curry, Klay Thompson ndi Draymond Green analipo kale Kerr asanabwere. Mu 2013–14 timuyo inapambana masewero 51 n'kutuluka mu ndime yoyamba ya ma playoff, masewero olimbirana chikho ligi ikatha. Inali timu imene inkapatsirana mpira kochepa kuposa ena onse mu ligi. Kerr anaika muyeso woti azipatsirana ka 300 pa masewero, anthu aziyenda opanda mpira, Curry azithamanga kuzungulira anzake omutchingira m'malo modikira mpira ali chiimire. Podziwa kuti sanakhalepo ngakhale wothandizira kochi, anatenga akuluakulu odziwa ntchito, Alvin Gentry ndi Ron Adams, kuti akhale pambali pake. Chaka choyamba anapambana masewero 67 ndi chikho, choyamba cha timuyo chichokereni 1975. Zina zinabwera mu 2017, 2018 ndi 2022, ndipo mu 2024 anatsogolera timu ya America ku golide wa Olympics ku Paris.

Mnzanuyo mumupatse yake: mu 2019–20, Curry ndi Thompson atavulala, Kerr yemweyo anapambana masewero 15 okha n'kugonja 50. Kochi sachinya basiketi. Koma kusiyana kwa 51 ndi 67, ndi anthu pafupifupi omwewo, ndiye ntchito yake.

Ndili ndi zaka 33. Ndasewera m'ligi ya chigawo cha kum'mwera zaka khumi mpaka bondo linakana. Ahedi a sekondale ina andipempha kuti ndiziphunzitsa anyamata a Fomu 1 ndi 2. Alipo 22, mipira ndi itatu, bwalo ndi limodzi la simenti. Ndayesa masabata awiri: ndimawaonetsa lay-up kakhumi, iwo osagwira, ine n'kupsa mtima. Kodi ukochi ndi mphatso imene ndilibe?
*Bambo wa ku Chinamwali*

Bambo, vuto lanu ndi la aliyense amene anasewera bwino. Thupi lanu limadziwa zinthu zimene pakamwa panu sipanaziyankhulepo. Lay-up, kuchinya kodumphira pafupi ndi ringi uli pa liwiro, kwa inu ndi chinthu chimodzi. Kwa mwana wa Fomu 1 ndi zinthu zisanu zochitika m'sekondi imodzi. Mukamuonetsa pa liwiro lanu amangoona mpira walowa. Magic Johnson, mmodzi mwa akatswiri opambana onse, ataphunzitsa Los Angeles Lakers mu 1994 anapambana masewero 5 mwa 16 n'kusiya. Patrick Ewing anabwerera ku Georgetown, koleji imene anaipatsa chikho mu 1984, ndipo pakati pa 2017 ndi 2023 anapambana 75 n'kugonja 109. Dzina la pa bwalo silisamukira pa benchi lokha. Ukochi ndi ntchito ina, yoti muiphunzire kuyambira pansi.

Lay-up ya kumanja iphwanyeni motere. Poyamba opanda mpira: mwana aime sitepe imodzi kuchokera pansi pa ringi, chakumanja, aponde ndi phazi lamanzere, adumphe, bondo lamanja ndi dzanja lamanja zikwere pamodzi ngati zamangidwa ndi chingwe chimodzi. Akachita bwino kakhumi, mpatseni mpira, sitepe ikhale imodzi yomweyo, ndipo aloze pa kona yakumwamba ya kabokosi kojambulidwa pa bolodi, osati pa ringi. Kenaka masitepe awiri, lamanja, lamanzere, m'mwamba, inu mukuwerenga mokweza. Kenaka adunde mpira kamodzi asanatenge masitepe awiriwo. Kuthamanga kuchokera pakati pa bwalo kubwere pomalizira, mwina sabata yachitatu. Amene akudumphira phazi lolakwika musamukalipire, mubwezeni pa sitepe imodzi. Mbali ya kumanzere iyambe sabata yomweyo, chifukwa mukaichedwetsa mpaka Fomu 3 dzanja lamanzere limakhala litauma kale. M'mera mpoyamba.

Ana 22 pa mipira itatu, mukawaika pa mzere umodzi, aliyense agwira mpira kamodzi pa mphindi ziwiri, nthawi yotsalayo akucheza. Agaweni m'magulu atatu: 7, 7 ndi 8. Gulu limodzi pa ringi iyi, lina pa ringi inayo, lachitatu pakati pa bwalo. Mphindi 90 za masana, kuyambira 3:30 mpaka 5 koloko kusanade, zikhoza kuyenda chonchi. Mphindi 10 zoyamba kutenthetsa thupi ndi ntchito ya mapazi, onse pamodzi opanda mpira: kuima ndi mapazi awiri nthawi imodzi, kutembenuka phazi limodzi lili chikhomereni pansi, kuyenda chammbali mawondo atapindika. Mphindi 36 zotsatira magulu azisinthana malo pa mphindi 12 zilizonse: lay-up uku, kuponya uko, kupatsirana ndi kudunda pakati. Apume amwe madzi. Mphindi 25 asewere atatu kwa atatu pa maringi onse awiri, timu yogonja ituluke pakangolowa mabasiketi atatu. Asanu kwa asanu asungireni mphindi 10 zomaliza, chifukwa kumeneko ana awiri amphamvu amalanda mpira ena asanu ndi atatu n'kumangothamanga.

Pa kuponya, aletseni kaye mzere wa mapointi atatu. Mwana wa zaka 14 alibe mphamvu yofikitsa mpira wa saizi 7 pa mamita 6.75, ndiye amaukankha kuchokera pachifuwa ndi manja awiri, chigongono chitatuluka kunja, ndipo chizolowezi chimenechi chimatenga zaka kuchichotsa. Ayambire mita imodzi kuchokera pa ringi, dzanja limodzi pansi pa mpira, linalo longothandizira m'mbali, chigongono pansi pa mpira, ndipo akaponya dzanja likhale m'mwamba, zala zitaweramira ku ringi, mpaka mpira utagunda. Akalowetsa isanu motsatizana abwerere m'mbuyo sitepe imodzi. Sukulu ikafuna kugula mipira ina, pemphani ya labala, chifukwa yachikopa simenti imaidya m'miyezi yochepa, ndipo ina ikhale ya saizi 6 ya ana aang'ono matupi. Poyesa mpweya, gwetsani mpira kuchokera pa mamita 1.80: udunde kupitirira pang'ono mita imodzi. Wopopa kwambiri umapweteka zala, wofewa umaphunzitsa mwana kumenya mpira ndi chikhatho.

Potchinga, musawaphunzitse zone (katchingidwe koti aliyense azilondera dera lake m'malo mwa munthu) chaka choyamba, ngakhale mudzaona kuti matimu a zone akupambana masewero a ana. Amapambana chifukwa ana anzawo satha kuponyera kutali, basi. Mwana wokulira mu zone amafika ku timu ya akulu osadziwa kuyendetsa mapazi pamaso pa munthu. Aliyense akhale ndi wake womumaka, aphunzire kuona munthu wake ndi mpira nthawi imodzi.

Pakamwa panu muikepo malire. Kufotokoza kusapitirire masekondi 30, ndipo mwana mmodzi mumukonze chinthu chimodzi pa nthawi. "Ukulakwitsa" si malangizo. "Chigongono pansi pa mpira" ndiye malangizo. Gulani kope la masamba 96, ndipo tsiku lililonse musanapite lembani zimene muphunzitse ndi mphindi zake, pobwerera lembani chimene chakanika ndi chifukwa chake. Pakutha pa teremu kopelo lidzakuuzani zambiri za inuyo kuposa za anawo.

Simenti ili ndi zake. Sesani mchenga musanayambe. Kuyambira Novembala mvula ya kuphiri ikayamba, mbali ya bwalo imene ili pa mthunzi imamera ndere, ndipo pamenepo ndi pamene ana amathyokera mikono. Palani ndi burashi yolimba, ndipo bwalo likanyowa chitirani ntchito ya mapazi pa khonde. Mu Okutobala madzi amwedwe pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Mwana wa zaka 12 mpaka 15 akamadandaula ululu pa kafupa kotukuka kunsi kwa bondo, ndi vuto lodziwika la ana amene akukula msanga. Mchepetsereni kudumpha, ndipo likapitirira kapena bondo likatupa apite ku chipatala. Chilango chodumpha ngati chule pa simenti chisiyeni ndithu.

Mabuku a ukochi a World Association of Basketball Coaches, kuyambira Level 1 mpaka 3, amapezeka mwaulere pa intaneti kudzera ku FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse. Werengani la Level 1, ndipo funsani ku BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, za maphunziro a makochi.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndi wamtali mamita 1.80, ndipo aphunzitsi ake akuti ali ndi luso. Munthu wina pa WhatsApp akuti akhoza kumupezera sikolashipu ya basketball ku America tikalipira ndalama yolembetsera. Ndigulitse mbuzi?
*Mayi wa ku Matawale*

Mayi, mbuzi zikhale m'khola. Sikolashipu ya masewero imaperekedwa ndi koleji yeniyeniyo kudzera mwa kochi wake, pa kalata yolembedwa, ndipo koleji siitanitsa ndalama pa foni ya munthu kuti ikupatseni malo. Munthuyo mufunseni dzina la koleji ndi la kochi, kenaka inu nokha, kapena aphunzitsi a mwanayo, mulembere kochiyo pa adiresi imene ili pa webusaiti ya kolejiyo. Akayamba kuzemba kapena kukufulumizitsani kuti malo atha mawa, mwadziwa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yeniyeni ilipo, koma ndi yopapatiza, ndipo imayambira m'kalasi. Wofuna kusewera mu Division I kapena II, magulu awiri apamwamba a makoleji a NCAA, amalembetsa ku NCAA Eligibility Center, kumene amaunika maphunziro ake a zaka zinayi za sekondale: Chingelezi, masamu, sayansi ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu. Choncho sungani malipoti onse a sukulu kuyambira Fomu 1, osati satifiketi ya MSCE yokha. Lipoti limodzi lotayika limachedwetsa zinthu miyezi. Chachiwiri ndi nthawi. Mwana akamaliza Fomu 4 amakhala ndi chaka chimodzi chopuma. Akapitiriza kusewera m'ligi zaka zingapo asanalowe koleji, NCAA imamudula zaka zosewera. Ambiri kuno amayamba kufunafuna ali ndi zaka 22, mwayi utatha kale. Chachitatu, asasaine pepala lililonse la timu kapena la ejenti, ngakhale kulandira malipiro, musanafunse odziwa malamulowa.

Kochi wa ku America sadzabwera ku Zomba kudzamuona, adzaona vidiyo. Ikhale ya masewero athunthu, osachepera awiri, ojambulidwa foni itagonekedwa chammbali, pamalo okwera, wojambula osatsatira mwana wanu yekha koma bwalo lonse. Tchulani nambala ya jezi yake. Kavidiyo ka mphindi zitatu ka zabwino zokhazokha kangokhala kotsegulira. Kochi amafuna kuona zimene mwana amachita akataya mpira, ngati amathamanga kubwerera kukatchinga kapena amaima n'kugwira m'chiuno.

Dziwaninso kuti mamita 1.80 kuno amamuika pansi pa ringi, koma ku Division I atsikana a msinkhu umenewo ambiri amasewera kunja, amadunda ndi manja onse ndi kuponyera kutali. Aphunzitsi ake akamamusunga pansi pa ringi chifukwa ndiye wamtali pa sukulu, akumutsekera khomo. Kupatula Division I kuli Division II, kuli NAIA (bungwe lina la masewero a m'makoleji), komanso makoleji a zaka ziwiri amene ambiri ochokera kunja amayambirako. Division III sipereka sikolashipu ya masewero. Ndipo sikolashipu zambiri si zathunthu: funsani ngati ikulipira fizi, malo ogona, chakudya, inshuwalansi ya chipatala ndi tikiti ya ndege, chilichonse pachokha. Uphungu wa maphunziro a ku America umaperekedwa mwaulere ndi EducationUSA kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, ndipo komweko ndi kofunsa za viza, poti malamulo ake amasinthasintha.

Tinene mosabisa: ngakhale mwa anyamata amene afika kale mu NCAA, amene amasankhidwa pa draft ya NBA ndi pafupifupi mmodzi pa 100. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wa mamita 2.21, anasewera ku University of Connecticut n'kusankhidwa pa nambala 2 mu 2009, koma mu NBA sanakhazikike. Chimene mwana wanu angabwere nacho motsimikizika ndi digiri, choncho posankha koleji yambani mwafunsa zimene akaphunzire.

Timu yathu ya amayi ilibe kochi. Ine ndine kapiteni, ndipo anzanga akuti ndiziphunzitsa uku ndikusewera. N'zotheka?
*Kapiteni, Mpondabwino*

Achemwali, n'zotheka, ndipo malamulo a FIBA amalola kapiteni kugwira ntchito ya kochi ngati kochi palibe. Bill Russell anachita zimenezi ku Boston Celtics kuyambira 1966 mpaka 1969 n'kupata zikho ziwiri. Dawn Staley, wa mamita 1.68 okha, amene anafikitsa University of Virginia mu Final Four katatu, anayamba kuphunzitsa Temple University mu 2000 akusewerabe mu WNBA, ligi ya amayi ya ku America, mpaka 2006, ngakhale kuti iye sankasewera m'timu imene ankaphunzitsayo. Atapita ku South Carolina mu 2008, chaka choyamba anapambana masewero 10 n'kugonja 18. Chikho choyamba chinabwera mu 2017, patatha zaka zisanu ndi zinayi, kenaka 2022, ndi 2024 pamene sanagonje ngakhale kamodzi pa masewero 38.

Chimene chimavuta ndi tsiku la masewero. Muli m'bwalo, mukupuma mwawefuwefu, simungawerenge mafaulo a anzanu kapena kuona amene watopa. Pezani munthu mmodzi wodekha, ngakhale wosewera amene wavulala, mumulembetse pa fomu ya masewero ngati wothandizira kochi. Iyeyo ndiye azipempha timeout, kanthawi koimitsa masewero kuti timu ikambirane, ku tebulo: muli nazo ziwiri m'chigawo choyamba, zitatu m'chachiwiri, iliyonse ya mphindi imodzi. Akhale ndi pepala la mafaulo, ndipo mugwirizane kale kuti wofika mafaulo awiri mu kota yoyamba, kapena atatu nthawi yopuma isanakwane, atuluke kaye, poti achisanu ndi otulukiratu. Kusintha osewera kulembedwe usiku wake: wakuti alowa pa mphindi yachisanu, wakuti pa yachisanu ndi chiwiri. Dzina lanu likhale pa pepalalo ngati ena onse, ndipo iye akati mutuluke, tulukani anzanu akuona. Matimu a kochi wosewera ambiri amapasuka pa nkhani imeneyi, anthu akaona kuti kapiteni satuluka.

Ndili ndi mnyamata wa Fomu 4 amene amachinya kuposa onse, koma timu imayenda bwino iye akakhala kunja. Ndikamuika pa benchi amakwiya, sabwera ku maphunziro. Nditani?
*Mphunzitsi wa masewero, Domasi*

Aphunzitsi, Kerr anakumana nazo chaka chake choyamba. Andre Iguodala anali atayamba masewero onse a moyo wake mu NBA kwa zaka khumi, ndipo anali atakhalapo All-Star, mmodzi mwa akatswiri osankhidwa a ligi yonse. Kerr anamupempha kuti aziyambira pa benchi, kuti Harrison Barnes ayambe ndipo gulu lachiwiri likhale ndi mtsogoleri. Anakambirana naye ligi isanayambe, n'kumuuza chifukwa chake. Pa fainolo ya 2015, Golden State ili m'mbuyo 2–1 kwa Cleveland, wothandizira wamng'ono wa za vidiyo, Nick U'Ren, anapereka ganizo loti Iguodala ayambe m'malo mwa Andrew Bogut. Kerr anamvera, anatchula poyera mwini ganizolo, timu inapambana masewero atatu otsatira, ndipo Iguodala anasankhidwa wosewera wopambana wa fainoloyo.

Mnyamata wanuyo asamve nkhani ya benchi pa gulu, mphindi zisanu masewero asanayambe. Muitaneni pa yekha masiku awiri zisanachitike, ndipo mupite ndi manambala. Pemphani wophunzira mmodzi alembe pa masewero atatu: mapointi a timu yanu ndi a adani pa nthawi imene iye ali m'bwalo, ndi pa nthawi imene ali kunja, mipira imene waponya ndi imene yalowa, mipira imene wataya. Wochinya mapointi 18 pa mipira 25 akudya mwayi wa anzake, ndipo akaona yekha pa pepala mkangano umachepa. Kenaka mpatseni ntchito yooneka: alowa pa mphindi yachinayi, amaka wosewera woopsa wa adani, ndipo akapatsira anzake mipira isanu yochinyira adzamaliza masewero ali m'bwalo. Mukalonjeza, chitani. Koma lamulo la maphunziro likhale limodzi kwa onse: wojomba popanda chifukwa sayamba, kaya amachinya 30.

Bwalo la pa sukulu pathu lili ndi mzere wa mapointi atatu umene anyamata akuti uli pafupi kwambiri. Akapita kukasewera ku Blantyre mipira yawo imaperewera. Muyeso woyenera ndi uti?
*Mphunzitsi, Malosa*

Anyamatawo akunena zoona ngati bwalolo linajambulidwa chisanafike chaka cha 2010. Kale mzere wa FIBA unali pa mamita 6.25, tsopano uli pa 6.75. Chizindikiro china cha bwalo lakale ndi bokosi la pansi pa ringi lotambasuka chakumapeto. Latsopano ndi lowongoka, mamita 4.90 m'lifupi ndi 5.80 m'litali. Theka la mita si laling'ono. Kerr yemwe uja ku koleji ankaponyera pa mamita 6.02, mu NBA anakapeza 7.24, ndipo ligiyo itafupikitsa mzere kufika pa 6.71 pakati pa 1994 ndi 1997 ndi pamene anafika 52.4 peresenti m'chaka chimodzi.

Pojambula, musayezere pa mtengo wa ringi kapena pa bolodi. Pingasani kamtengo pakati pa ringi, mangirirani chingwe chokhala ndi mwala, ndipo pamene mwalawo waloza pansi ikani chizindikiro. Pa bwalo loyenera la mamita 28 kwa 15 malowo amakhala mamita 1.575 kuchokera ku mzere wakumapeto. Munthu mmodzi agwire msomali pamenepo, wina akoke waya kapena chingwe chosatamuka cha mamita 6.75 ndi choko kunsonga. Chingwe cha nayiloni chimatamuka, mzere n'kutuluka wokhota. Chokocho chikusonyeza m'mphepete mwakunja mwa mzere, choncho penti wa masentimita 5 apakidwe chakumkati. M'makona mzere suzungulira: umawongoka, mamita 0.90 kuchokera ku mzere wa m'mbali, mpaka kukakumana ndi uta. Yezaninso ringi ngati ili pa mamita 3.05, chifukwa maringi amene ana amalendewerapo amawerama kutsogolo. Mzere wakale muufute ndi penti wa mtundu wa simenti, ndipo watsopano mupake m'mawa wa tsiku lopanda mvula, bwalo litatsukidwa n'kuuma.